Uvuni, Phulusa ndi Mtolo wa Nkhuni

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo, lero ndati tikambeko za ntchito imene ambiri amaiyesa yonyozeka, ndiyo yosamala uvuni. Kumtunda munthu akhoza kuinyalanyaza osamva kuwawa msanga, koma kuno ku Likoma ayi. Chilumba chathu n'cha miyala ndi milambe, ndipo mlambe suli nkhuni ayi, thunthu lake ndi luzi ndi madzi. Kuyambira kale nkhuni zambiri zakhala zikuoloka pa mabwato kuchokera kutsidya, mbali za ku Cobue ku Mozambique. Ufa wa tirigu nawo ngwochokera kumtunda, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukubwera pa Ilala, sitima imene inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951. Tsono mayi akamaphika buledi kapena masikono, moto wake ngwogula, ufa wakenso ngwogula.

Uvuni wa pakhomo umene ine ndinakula ndikuuona unali wa njerwa zomata ndi dothi la pachulu, chitseko chake chidutswa cha lata. Uvuni wotere suphika ndi lawi. Mumasonkha moto m'katimo kufikira njerwa zitamwa kutentha, kenaka mumapala makala, n'kusesa, n'kulowetsa mathini, n'kutseka. Chophika buledi ndi kutentha kosungidwa m'njerwamo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Phulusa likasiyidwa kuti liunjikane pansi, limakhala ngati bulangete pakati pa moto ndi njerwa, ndipo buledi amapsa pamwamba pansi pali paiwisi. Mng'alu wa pakhoma ungachepe bwanji, mwera ukamaomba mu June ndi July umaupeza, ndipo uvuni umene umakhuta mtolo umodzi umayamba kufuna iwiri.

Amayi athu sankadziwa mawu a sayansi amene ife tinakaphunzira ku koleji ya aphunzitsi, koma ntchitoyo ankaidziwa. Uvuni ukazizira, m'mawa mwake ankawola phulusa lonse, n'kukolopola mwaye ndi tsache la khonde lomwe linatha kale. Kuthira madzi pa njerwa zotentha kunali mlandu, chifukwa njerwa yozizira mwadzidzidzi imasweka. Mvula ikayandikira, cha mu November, ankakanda dothi, kumata ming'alu yonse ndi dzanja, kuzira kunja, ndi kuona ngati kadenga ka pamwamba sikakudontha. Dothilo ankalisiya liume lokha masiku angapo, kenaka n'kuyatsa kamoto kochepa koyamba, kuti lisang'ambike.

Phulusalo silinkatayidwa. Lina linkatsukira miphika limodzi ndi mchenga wa kunyanja, lina linkapita kuchimbudzi kukapha fungo. Ndinkakonda kuuza ana a Sitandade 8 kuti phulusa la nkhuni lili ndi mchere waukali umene ukakumana ndi mafuta umapanga sopo, n'chifukwa chake mphika wa usipa wokazinga umayera nalo. Ankaseka pomva kuti agogo awo anali asayansi osavala jekete.

Magetsi atafika pachilumba, nyumba zina zinagula makuka, ndipo ana athu a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndiwo amaphikira pamenepo tsiku ndi tsiku. Ndikamayenda m'nyumba zina ndimaona kuka yonyezimira kunja, yoyalidwa kansalu koluka, koma mukatsegula chitseko mumakumana ndi mafuta akuda a nkhuku ya Khirisimasi yathayi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta otero amafuka utsi, amanunkhitsa chigumu, amaitana mphemvu, ndipo akachuluka amayaka moto.

Mankhwala ake sali patali. Yambani mwazimitsa magetsi pakhoma ndi kudikira kuti uvuni uzizire. Tengani soda yemweyu wophikira therere, mumusakanize ndi madzi pang'ono akhale ngati phala, mupake m'kati mopewa zitsulo zotenthetsera, agone usiku wonse. M'mawa pukutani ndi nsalu yonyowa, mutsirize ndi madzi a mandimu. Mpeni usayandikire galasi. Koposa zonse yang'anani mphira wozungulira chitseko, pakuti iye ndiye dothi la pachulu la masiku ano. Akatha kapena kung'ambika, kutentha kumathawira pomwepo, ndipo mayunitsi amatha monga mmene nkhuni zinkathera.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ntchitoyi yasiyidwira atsikana okha. Kwathu mnyamata ndiye ankakumba dothi kuchulu ndi kulisenza, ndipo akakana, sikono yoyamba yotuluka mu uvuni ankangoimva fungo. Inu anyamata amene mubwere pa tchuthi chikudzachi, uvuni wa agogo anu aakazi uli ndi ming'alu iwiri kumbali yoyang'ana kunyanja, ndipo khasu lili kuseri kwa chitseko.