Choyera Chimasowa M'mashiti, Chakuda Chimasowa Mumdima

Abale athu a ku Birmingham, Coventry, Wolverhampton, Walsall ndi madera ozungulira, ulendo uno ife anamwino tapempha malo m'kalata yathu ino kuti tikambe nkhani yomwe ena aiona ngati yachibwana: mtundu ndi kaumbidwe ka kava ya kakompyuta ka m'manja. Tikudziwa kuti pali nkhani zikuluzikulu zomwe zimatisowetsa tulo, za mapepala, za lendi, za maliro a kumudzi. Koma tinthuti timatigwira maola 12 pa shifiti iliyonse, ndipo taona ndi maso athu kuti kava yosankhidwa mopanda kuganiza imachedwetsa thandizo kwa munthu wodwala.

Kwa inu amene simunagonekedwe m'chipatala posachedwapa, tifotokoze kaye. Kale kumiyendo kwa bedi kunkalendewera tchati cha pepala, monga momwe ambirife tinkachionera ku Queens ku Blantyre kapena ku Central ku Lilongwe. M'mawodi ambiri a kuno tchati chija chinalowa m'kakompyuta kofanana ndi foni. Namwino amayeza zinthu 6: kapumidwe, okosijeni wa m'magazi, BP, kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, komanso ngati wodwala ali tcheru kapena wayamba kubalalika. Akalowetsa manambalawo, kamakinako kamawerengetsa mapointsi motsata ndondomeko yotchedwa NEWS, yomwe bungwe la Royal College of Physicians linatulutsa mu 2012 n'kuikonzanso mu 2017. Mapointsi akafika 5, dokotala ayenera kubwera msanga. Akafika 7, timaitana gulu la zadzidzidzi nthawi yomweyo.

Chipatala cha University Hospital Coventry, pafupi pompano, chinali m'gulu la zipatala zoyambirira kupatsa anamwino timakompyuta totere, ta pulogalamu ya VitalPAC. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya BMJ Quality & Safety anayang'ana Coventry ndi Portsmouth, ndipo anapeza kuti imfa za odwala zinatsika njirayi itakhazikika. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu sangofa mwadzidzidzi nthawi zambiri. Thupi limayamba lachenjeza kwa maola angapo, ndipo makina sawerengetsa molakwa ngati momwe amachitira mutu wotopa 4 koloko m'bandakucha. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha kamakinako kali m'manja. Kakasowa, namwino amalemba manambala pakapepala kopukutira m'manja, n'kukalowetsa mochedwa, ndipo chenjezo nalo limafika mochedwa.

Ndiye pawodi ina kuno ku West Midlands, komwe angapo a ife timagwira ntchito, atabweretsa timakompyuta tatsopano, a Sisita anayala makava osiyanasiyana patebulo la m'chipinda chopumira n'kunena kuti tisankhe tokha. Tinaganiza kuti zitha pa mphindi zisanu. Zinatitengera misonkhano iwiri.

Achinyamata anathamangira yakuda. Amati ndi yaulemu, yofanana ndi mafoni awo. Koma funsani aliyense wogwira usiku. Magetsi a m'wodi akachepetsedwa kuti odwala agone, chinthu chakuda chikaikidwa pampando wa alendo kapena pawindo chimazimiririka. Kuwonjezera apo, mlendo wotopa amatha kuchitola pamodzi ndi foni yake, wosadziwa, n'kukwera nacho basi. Vuto lalikulu koposa ndi lakuti chakuda chimabisa litsiro. Magazi akauma amada, ndipo pakava yakuda simungawaone. Wina amagwira, kenaka n'kukagwira wodwala wotsatira.

Enafe, oleredwa ndi yunifolomu yoyera ya anamwino a kwathu, tinati yoyera ndiyo ya chipatala. Kudontha kulikonse kumaonekera, zoonadi. Koma mashiti nawonso ndi oyera. Mukamasintha bedi mwachangu, wodwala wadzionongera, anzanu akukuitanani mbali ina, kakompyuta koyera kamakulungidwa pamodzi ndi mashiti n'kuponyedwa m'thumba la zochapa. Kawodi kathu kanataya kamodzi mwa njira imeneyi ta kale tija tisanachotsedwe. Komanso mankhwala a kolorini omwe timapukutira amasandutsa pulasitiki woyera kukhala wotuwa, wooneka ngati sanapukutidwepo.

Tinagwirizana tsono kuti pafunika mtundu wowala, woti munthu auone ali kukhomo kwa wodi. Ambiri tinaloza yachikasu. Amene anatiimitsa sanali dokotala kapena mkulu wa makompyuta. Anali mayi wina woyeretsa m'wodi, wazaka zambiri pantchito, yemwe anangolowa kudzatenga kapu yake ya tiyi. Anatikumbutsa kuti m'chipatala mitundu ili ndi eni ake. Kuyambira 2007, bungwe la National Patient Safety Agency linakhazikitsa kuti ndowa, mopu ndi nsalu zopukutira zikhale ndi mitundu yofanana m'zipatala zonse: zofiira ndi za kuchimbudzi ndi kubafa, za buluu ndi za m'wodi wamba, zobiriwira ndi za kukhitchini, zachikasu ndi za chipinda cha wodwala matenda opatsirana. Anati iyeyo akaona chinthu chachikasu patebulo la anamwino, mtima umamuuza kuti chatuluka m'chipinda chomwe sichimayenera kutulukamo. Tinayang'anana. Chofiira nachonso n'chotengedwa kawiri, chifukwa chibangili chofiira pamkono wa wodwala chimachenjeza za chiopsezo, kawirikawiri mankhwala omwe thupi lake limakana. Wina anati nanga olenji? Matumba a zinyalala zokhala ndi tizilombo ndi a olenji. Pepo ndi wa zinyalala za mankhwala a khansa.

Tinatsala ndi pinki wowala kwambiri, wonga maluwa a boganiviliya. Anamwino aamuna anang'ung'udza, mmodzi mpaka anati sangayende nako pakhonde la chipatala. Koma chomwe ankadandaulacho ndiye ubwino wake. Chinthu cha pinki wotero palibe amene amachiiwala m'thumba n'kupita nacho kunyumba, ndipo wakuba sangachitulutse pamsika osafunsidwa. Nzeru imeneyi si yathu. Amene anapanga kalaputopu ka ana asukulu ka One Laptop per Child, komwe kanayamba kugawidwa mu 2007, anakapaka mtundu wobiriwira wowala ndi woyera, mwa zina kuti munthu wamkulu akapezeka nako aliyense adziwe kuti walanda cha mwana.

Nkhani ya kaumbidwe ndi yomwe inatitengera nthawi, ndipo kwa ife ndiyo yofunika kuposa mtundu.

Makava omwe amaoneka olimba kwambiri, aja a mizeremizere ndi timabowo ngati tayala la thirakitala, ndi omwe sitingawalole m'wodi. Mzere uliwonse ndi nyumba ya tizilombo. Kansalu kopukutira kamangodutsa pamwamba, m'kati mwa mzere osafikamo. Amene tinali pa sukulu ya unamwino kuno m'zaka za m'ma 2000 tikukumbukira mantha a MRSA ndi C. difficile, pamene nyuzipepala zinkalemba za matendawa pafupifupi sabata iliyonse. Mu 2007 nduna ya zaumoyo, a Alan Johnson, analengeza kuti ogwira ntchito m'mawodi asavale chilichonse kuyambira pachigongono kutsika: malaya a manja aatali ayi, wotchi ya pamkono ayi. N'chifukwa chake mumationa ndi kawotchi kolendewera pachifuwa, kozondoka kuti mwini wake awerenge akangoweramitsa mutu. Wotchiyo inaumbidwa ndi ntchito. Kava nayo iyenera kutero: yosalala, yopanda msoko wambiri, yoti munthu aipukute mbali zonse pa masekondi ochepa.

Komatu yosalala kwambiri imaterereka. Manja athu amakhala onyowa ndi mankhwala osambira m'manja, kapena ali m'magolovesi. Kava yabwino imakhala ndi m'mbali mogwirika koma mopanda mphako. Ya labala wofewa imagwirika bwino masabata oyamba, kenaka imatambasuka, madzi n'kumalowa pansi pake, pomwe palibe amene amayang'anapo. Lamba wa nsalu wolowetsamo dzanja ndi wosangalatsa, koma nsalu sipukutika, imangonyowa. Mapulasitiki ena salimbana ndi mankhwala opukutira kangapo patsiku, amachita ming'alu ting'onoting'ono mpaka kona kubenthuka. Ndipo pali kanthu kena komwe ogula m'maofesi saganizira: ngati kakompyuta sikalowa pachotchajira kali ndi kava yake, anthu amavula kavayo, ndipo ikavulidwa kawiri katatu sivalidwanso.

Kenaka thumba. Thumba la pachifuwa limakhuthula zonse mukawerama kuti mudzutse wodwala, choncho kamakinako kayenera kukwana m'thumba la m'munsi la yunifolomu, momwe muli kale lumo, tepi, zolembera ndi kapepala ka malipoti. Kava ikawonjezera sentimita imodzi mbali iliyonse, basi sikalowa, ndipo chomwe sichilowa m'thumba chimaikidwa pabedi, ndiye tabwereranso ku mashiti aja. Ambiri mwa anamwino ndi amayi, manja athu ndi aang'ono, ndipo dzanja linalo limakhala litagwira mkono wa wodwala. Chala chachikulu chiyenera kufika paliponse pagalasi. Mnzathu wamanzere anatisonyezanso kuti kava ina inali ndi chotupa chogwirira mbali imodzi yokha.

Amene anapanga timakompyuta toyamba ta m'manja ankazidziwa zimenezi. Jeff Hawkins, mwini nzeru za Palm Pilot yomwe inatuluka mu 1996, anayamba wasema kathabwa ka msinkhu womwe ankafuna, n'kumayenda nako m'thumba la shati kwa nthawi yaitali. Munthu akamuuza za msonkhano, ankatulutsa kathabwako n'kunamizira kulemba, kuti aone ngati angazolowere. Thumba ndi lomwe linalamula msinkhu, mawaya anabwera pambuyo. Kuno ku Britain kampani ya Psion inali itatulutsa kale Organiser yake mu 1984, yokhala ndi chigoba cholimba chotsetsereka chophimba mabatani, chifukwa ankadziwa kuti chinthu cha m'thumba chimakandidwa ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo. Mu 2007 makampani a Intel ndi Motion Computing anatulutsa C5, kompyuta yopangidwira m'chipatala: yomatidwa bwino kuti ipukutike, yokhala ndi chogwirira pamwamba ngati chikwama. Nzeru zinalipo, koma inkalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Nyamulani paketi ya shuga ndi theka kuyambira m'mawa mpaka usiku, mudzatiuze momwe phewa likumvera.

Tsopano tibwere kunyumba kwathu, chifukwa ambiri a inu simugula za m'wodi. Mumagula kava ya foni ya mwana ku Rag Market kapena m'mashopu a mu Bullring, kapena ya tabuleti ya wophunzira wa ku Aston ndi Birmingham City University. Mwana adzati, "Amami, ndikufuna yakuda, anzanga onse ali ndi yakuda." Imeneyo ndiyo mfundo yoikanira. Patebulo la mulaibulale pamakhala mafoni akuda khumi ofanana, ndipo pampando wa basi nambala 11 madzulo a Disembala, kunja kutada 4 koloko, yakuda sioneka mukamatsika. Ngati mwanayo akana pinki, musalimbane naye, alipo mitundu ina yowala. Chongoonetsetsa n'chakuti mlomo wa kava utukuke pang'ono kuposa galasi, kuti foni ikagwa chafufumimba galasi lisakhudze pansi, ndipo makona akhale ochindikala, chifukwa ndi pakona pomwe mng'alu umayambira.

Za mafoni otumiza kumudzi tili ndi mawu ochulukirapo. Timakonda kutumiza zomwe zimaoneka zodula, zopyapyala, zakuda zonyezimira, kuti abale aone kuti mwana wawo ali kunja. Koma taganizirani tsiku la foniyo. Amayi akumudzi chitenje chilibe thumba; foni amaimangirira pakona ya chitenje kapena kuiika pachifuwa, ndiye yaikulu ngati mbale siwathandiza. Imapita kudimba, kuchigayo, kumjigo. Mu Okutobala ikasiyidwa pakhonde, kava yakuda imamwa dzuwa mpaka kuotcha dzanja, ndipo kutentha ndi mdani wa batire. Fumbi limalowa pobayira chaja mpaka chaja kuleka kugwira, choncho kava yokhala ndi kachitseko pamenepo ndi yabwino kumudzi ngakhale m'wodi tingaikane. Ndipo kumene kulibe magetsi, foni imakatchajidwa kwa ometa tsitsi pa tredingi senta, pomwe mnyamata mmodzi amayala mafoni makumi awiri pathabwa limodzi. Gogo wa maso ofooka akabwera kudzatenga yake, aizindikira bwanji pakati pa zakuda zonsezo?

Nokia 1100, yomwe inatuluka mu 2003 n'kugulidwa yoposa 200 miliyoni padziko lonse, inapambana pa zifukwa zomwezi. Mabatani ake anali chikopa chimodzi cha labala choletsa fumbi, m'mbali munali mosaterereka, pamutu panali tochi. Mu 2008, pamene chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chinagawira mafoni anthu ongodzipereka oyendera odwala m'midzi kuti azitumiza mauthenga kuchipatala, mafoni ake anali wamba, otsika mtengo, okwana m'thumba la munthu wopalasa njinga.

Mmodzi wa ife anatumizira mayi ake ku Ntcheu foni yaing'ono mu kava yachikasu, mtundu womwe tinaukana kuwodi uja. Kumeneko chikasu sichitanthauza chipinda cha matenda opatsirana. Mayiwo anaonjezera okha kachingwe ka ulusi wofiira pakabowo ka pakona, kuti azikoleka pamsomali wa kuseri kwa chitseko, pomwe zidzukulu sizifikira.