Kamzere kamodzi pa dinar ya ku Libya

 Ambiri mukudziwa kale za matenda anga osunga ndalama zamapepala za maiko akunja. Mu sitafu rumu amandiseka kuti ndine mpondamatiki wa pasukulu pano amene sangagule ngakhale mandasi. Lero ndikufuna ndikuuzeniko za ndalama zimene zikundisowetsa tulo, ma dinar oyambirira a ku Libya.

Pa 1 September 1969 asilikali otsogozedwa ndi Muammar Gaddafi adachotsa Mfumu Idris pampando, dziko n'kukhala lipabuliki. Inde, Gaddafi yemwe uja adabwera kuno mu 2002 ndi mdipiti wa galimoto, ife tili anyamata. Mu 1971 boma latsopanolo lidasiya paundi n'kuyamba dinar, paundi imodzi kusintha ndi dinar imodzi. Mapepala oyamba adali asanu: kota ya dinar, theka la dinar, 1, 5 ndi 10.

Tsono nkhani yagona apa. Mapepala amenewa adatuluka m'mitundu iwiri yofanana ngati mapasa. Chithunzi chimodzimodzi, kukula chimodzimodzi, ndipo chaka sichidalembedwepo. Chosiyanitsa ndi kamzere ka mawu a Chiarabu cham'munsi, kumaso kwa pepalalo. Oyambirira alibe kamzereka, ndipo mabuku a osunga ndalama amawaika mu 1971. Otsatira, a 1972, ali nako. Okhala ndi kamzere sasowa kwenikweni kwa ogulitsa, koma opanda kamzere ndi ovuta kupeza, mtengo wake ndi wina.

Ine ndili ndi atatu, onse a kamzere. Chiarabu sinditha, ndimangochiyang'ana ngati nkhuku yaona mkanda, komabe pamene pali kamzerepo ndingapaloze ngakhale magetsi atazima.

Amene ndimakonda koposa ndi wa 10 dinar, chifukwa pali nkhope ya Omar al-Mukhtar. Anzanga a choko, mkuluyu adali mnzathu. Ankaphunzitsa ana Korani, Ataliyana asanalowe m'dzikomo mu 1911. Adalimbana nawo kwa zaka pafupifupi 20 kumapiri ndi kuchipululu cha Cyrenaica, mpaka adamugwira mu September 1931 n'kumupachika pa 16 mwezi womwewo ku Suluq, pamaso pa khamu la anthu ake. Apo n'kuti ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 70. Patapita nthawi Gaddafi adaika nkhope yake pa 1 dinar mu 1988, kenako pa 50 dinar, ndipo ulamuliro wake utagwa mu 2011 nkhope zimenezo zidachotsedwa. Ya mphunzitsi uja sadaikhudze. Ndikamaphunzitsa za atsamunda ndimaika pepalali patebulo pambali pa K500 yathu ya Chilembwe, ana n'kumadutsa mzere ndi mzere kudzaona. Tsiku limenelo ngakhale a kumbuyo aja sagona.

Pali chimodzi chimene ndimasiyana nawo akatswiri a ntchitoyi. Iwo amafuna pepala losagwirapo munthu, lowongoka ngati lasitidwa, ndipo khwinya lililonse limatsitsa mtengo. Langa la 10 dinar lidapindidwa panayi, m'makona mudatha, ndipo pakona ina wina adalembapo nambala ndi bolopeni. Kwa iwo ndi lotsika. Kwa ine ndiye ndalama yeniyeni, chifukwa idayenda. Wina adalandira ngati malipiro, wina adagulira ufa, wina mwina adaibisa pansi pa pilo. Losagwirapo munthu lija lidangogona m'bokosi, silidaone kanthu.

Mwezi wathawu wogulitsa wina wa pa intaneti adaika la 10 dinar lopanda kamzere, lotha ngati langa lomweli. Ndidakulitsa chithunzicho pafoni kangapo konse, kamzere palibedi. Nditawerengera mtengo wake m'makwacha, kuphatikiza potumizira, ndidapeza kuti ukufanana ndi theka la fizi ya mwana wanga wamkulu ya teremu ikubwerayi. Mayi akunyumba sadakalipe. Adangofunsa modekha kuti, "Bambo a ana, ndiye mukufuna kulipira ndalama zambiri chifukwa choti pepalalo likusowa mawu?" Ndidasowa choyankha. Fizi ndalipira dzana, ndipo pepala lija wina wagula kale.

Mu alubamu yanga ndasiya kathumba kamodzi kopanda kanthu, ndipo pansi pake ndalembapo ndi pensulo kuti 1971. Inu ana anga amene muli ku Johannesburg, ku London kapena ku Cairo, mukadzadutsa pa sitolo ya ndalama zakale, funsani za 10 dinar ya Mukhtar ndipo muyang'ane cham'munsi. Mukapeza palibe kamzere, musaonetse kukondwa pamaso pa wogulitsayo. Yambani mwanenerera, kenako mundiimbire.