Injini yokana kutsika

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, ntchito pa galaja yanga pano pa Santhe imachuluka. Magalimoto amene anagona pansi pa mtengo dzinja lonse amadzutsidwa, ndipo alimi ena amagula kumene awo akangolandira ndalama za mabelo oyamba. Ambiri ndi Toyota zakale za ku Japan zimene zinalowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, zinatumikira ku Lilongwe zaka zambiri, kenako n'kudzathera kuno: Corolla ya AE100 ndi AE110, Sprinter, Carina. Dandaulo limodzi silisowa pa nyengo imeneyi. Injini ikulira pamwamba pamene phazi palibe pa moto, ndipo petulo sakuchedwa kutha.

Injini ya 5A-FE kapena 4A-FE ikatentha bwino imayenera kukhazikika pakati pa 700 ndi 800 pa geji ya rpm. M'mawa wa mu Juni, mukangoiliza, imakwera mpaka 1,200 kapena kupitirira, ndipo apo palibe cholakwika, chifukwa kompyuta imachita dala kuti injini itenthe msanga. Vuto ndi pamene mwayenda kuchoka pano mpaka ku Kasungu koma muvi ukadali pa 1,500. Ngati galimoto ndi ya automatic, imagwedezeka mwamphamvu mukalowetsa D, ndipo pamalo oima mumachita kulimbana nayo ndi mabuleki.

Ife amene tinaphunzira ntchito pa kabuleta tinazolowera kuti injini ikakwera, umapotoza kabawuti n'kutsika. Pa injini za EFI, zoyendetsedwa ndi kompyutazi, dzanja limathamangirabe komweko, ku kabawuti kakang'ono kamene kamaimitsa chitseko cha mpweya pa throttle body. Kameneko anakachuna ku fakitale, n'chifukwa chake nthawi zambiri kamakhala ndi dontho la penti. Mukakabweza, chitseko chimayamba kukakamira pakhoma, sensa imene imauza kompyuta kuti phazi lachoka pa moto imasokonezeka, ndipo vuto loyamba lija limakhala lilipobe. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndinamuletsa kukakhudza.

Chimene ndimayambira n'chakuti injini siingalire pamwamba popanda mpweya. Petulo yekha saikweza. Choncho ndimafuna kudziwa kumene mpweya wowonjezerawo ukulowera, komanso ngati ukulowa mwakuba kapena kompyuta ndiyo ikuutsegulira dala.

Zosavuta ndimathana nazo msanga: chingwe cha moto ngati wina anachikoka kwambiri, kapeti ngati yapanikiza choponderapo. Kenako ndimachotsa paipi yaikulu yochokera ku air cleaner. Mkati mwa throttle body, chitseko chisanafike, muli kabowo kopita ku valavu ya ISC, imene imalambalalitsa mpweya pang'ono kuti injini isazime phazi likachoka. Injini ikulira, ndimatseka kabowoko ndi chala. Ikatsika mpaka kufuna kuzima, ndiye kuti mpweya wonse wochulukawo ukudutsa m'valavumo. Ikapitiriza kulira pamwamba, mpweya ukubera kwina. Chala chimodzi chimagawa ntchito pakati, ndipo mwini galimoto amakhala asanagule kalikonse.

Pali chinthu china chimene anzanga ambiri sachilabadira. Injini zakalezi zilibe sensa yoyeza mpweya m'paipi ya air cleaner. Zili ndi sensa yolumikizidwa ndi kapaipi kakang'ono ku manifold, imene imamva mphamvu ya kukoka kwa injini. Paipi ina ikang'ambika, sensayo imaona ngati mwaponda moto pang'ono, kompyuta n'kuwonjezera petulo, injini n'kukwera bwinobwino popanda kutsokomola. Pa Probox kapena Sienta ya 1NZ-FE, imene ili ndi sensa m'paipi, kung'ambika komweko kawirikawiri kumaigwedeza ndi kuifooketsa. Ukasakaniza ziwirizi umataya tsiku.

Pofufuza mpweya wakuba ndimafinya mapaipi ndi pulayala limodzilimodzi, kuyambira ndi lalikulu lopita ku booster ya mabuleki, kenako la PCV lochokera pa chivundikiro cha injini. Limene ndalifinya injini n'kutsika, ndiye mwini mlandu. Mapaipi a zaka zoposa 25 amauma n'kung'ambika kunsi, kumene diso silifika. Nthawi zina ndimaika chidutswa cha paipi kukhutu, mbali inayo n'kumayendetsa m'mphepete mwa gasiketi ya manifold mpaka nditamva kamluzu. Mankhwala opopera otsukira kabuleta amathandizanso, chifukwa akalowa pobooka mawu a injini amasintha, koma amagwira moto, ndiye sindipopera pafupi ndi distributor kapena ekizozi.

Komatu zambiri zimene ndimakumana nazo kuno sizikhala kubooka. Mlimi wina wachikulire wa m'midzi ya kwa Santhe konkuno anabwera ndi AE110 imene anagula kwa munthu wa m'tauni. Inkalira pa 1,400 osatsika.

"Amakaniko, galimotoyi ikundidyera ndalama za fodya. Anyamata ena andigulitsa kale mapulagi atsopano, koma palibe chasintha."

"Bambo, kodi muvi wa kutenthawu umafika pakati mukamayenda?"

"Ayi ndithu, sukwera n'komwe. Amene anandigulitsa anati imeneyo ndiye injini yamoyo."

Chala changa pa kabowo kaja chinaitsitsa nthawi yomweyo, kusonyeza kuti mpweya ukudutsa mu ISC. Ndinalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya m'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS kamene kali pansi pa boneti, n'kutsegula kiyi. Nyali ya check engine ikathwanima kawiri, n'kupuma, n'kuthwanimanso kawiri, imeneyo ndi nambala 22, kutanthauza sensa ya kutentha kwa madzi kapena waya wake. Koma pa galimoto iyi nyali inkangothwanima mofanana osapuma, kusonyeza kuti kompyuta sikuona cholakwika chilichonse. Ndinayezabe sensayo ndi mita. Ikakhala yabwino imaonetsa ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000 madzi akazizira, ndipo imatsika kufika cha m'ma 300 akafika madigiri 80. Iyi inali yabwino, ndipo inkanena zoona: madzi anali ofunda chabe. Fani inkazungulira chiyambire kiyi atatsegulidwa, chifukwa wina anailumikiza mwachindunji. Titamasula mabawuti a chivundikiro cha thermostat tinapeza m'kati muli mbee, mutangotsala dzimbiri ndi silikoni.

Mchitidwe wochotsa thermostat ndi umene umandipweteka mtima kwambiri pa ntchito yathuyi. Anthu amati kachipangizoka ndi ka kumayiko ozizira, kuno ku Malawi kamangotenthetsa injini. Sizoona. Ntchito yake ndi kutsekera madzi m'injini mpaka afike madigiri 82, kenako n'kuwalola kupita ku rediyeta. Mukakachotsa, madzi amazungulira nthawi zonse, injini siifika pa kutentha kwake, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene m'chigwa cha Kasungu muno mumazizira. Kompyuta imaona ngati kukadali m'mawa tsiku lonse, ndiye imasiya ISC yotsegula n'kumathira petulo wambiri. Petulo wotsalayo amadetsa mapulagi, amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, ndipo wina amatsikira mu sampu. Mwini galimoto amalipira pa pampu lero, n'kudzalipiranso pa mapisitoni ringi mtsogolo.

Sindikunena kuti amene amachotsawo alibe chifukwa. Galimoto imakhala ikuwiradi. Koma chimene chikuiwiritsa chimakhala rediyeta yodzaza ndi matope ndi dzimbiri chifukwa cha madzi a pamjigo, chivundikiro cha rediyeta chimene chinafooka, fani yosayaka, kapena gasiketi ya pamutu imene yayamba kupsa. Kuchotsa thermostat kumangobisa zimenezi kwa kanthawi. Pa galimoto ya bambo aja tinatsuka rediyeta, tinabwezeretsa waya wa fani pa switch yake, ndipo tinapezanso kuti timapaipi tiwiri totengera madzi otentha ku throttle body tinatsekedwa ndi mabawuti. Timapaipito timafunditsa valavu ya ISC, ndipo popanda ito valavuyo siitseka mokwanira.

Valavuyonso inali yakuda. Fumbi la misewu ya kumaesiteti m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse pamene air cleaner yang'ambika kapena sinakhale bwino, n'kusakanikirana ndi nthunzi ya oyilo, mpaka kachitsulo kozungulira m'katimo kamakakamira. Timabawuti take n'tofewa, ukathamanga umadya mutu. Ndimatsuka pang'onopang'ono mpaka kachitsuloko katayamba kutembenuka ndi chala popanda kugwira, ndipo gasiketi ikaphwanyika ndimaika ina, osati silikoni, chifukwa m'mbali mwake mumadutsa madzi.

Pomaliza ndimachotsa mpweya m'madzi, chifukwa ukatsalira pa sensa injini imakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Ndimaonanso timing ndi nyali, TE1 ndi E1 zili zolumikizidwa, kuti ikhale pa madigiri 10, popeza distributor yopotozedwa mopitirira imakwezanso injini. Ndimazula fyuzi ya EFI kwa kanthawi kuti kompyuta iiwale zakale, kenako timakayesa pa tala wa M18. Galimoto ya bambo aja pobwerera muvi wa kutentha unali pakati, fani inkayaka n'kuzima yokha, ndipo rpm inakhala pa 750.

Chovuta chimene chatsala ndi zipangizo. Thermostat yeniyeni pano siipezeka wamba. Timaitanitsa ku Kasungu kapena ku Lilongwe kudzera msewu wa Kasiya, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inakwera kwambiri, zachinyengo nazo n'kuchuluka. Choncho iliyonse imene yabwera, yatsopano kapena yochotsedwa pa injini ina, ndimayamba ndaiika m'poto wa madzi pa mbaula mwini galimoto akuona. Iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire, n'kutsekanso yokha akazizira. Ikalephera chimodzi mwa ziwirizi imabwerera kwa wogulitsa, ndipo galimoto imadikira pa galaja mpaka ibwere ina.