Anakhudza mpira kawiri kokha, koma mendulo anavala

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino mundipirire. Ndikudziwa kuti mukamva za mpira, ambiri maganizo amathamangira ku Bullets ndi Manoma, ena ku Arsenal. Ine ndabwera ndi mpira wina womwe mwina simunauonepo, wa ku Australia, ndi mkangano womwe unabuka pa anthu otchinga kumbuyo. Mkanganowo unachitikira kutali, ku Melbourne, koma unandipeza pa benchi yanga ya kaunjika, ndipo mpaka lero sunandichoke.

Wondilowetsa m'zimenezi ndi mlongo wanga wamng'ono. Anapita ku Melbourne kukaphunzira, pano akugwira ntchito komweko. Atangofika, anzake anamufunsa timu yomwe amasapota, iye n'kutchula ya ku England. Akuti anamuseka. Mumzinda umenewo ukati mpira amamva wawo, womwe amautcha footy, ndipo ligi yake ndi AFL. Anasankha Collingwood, timu yovala mizere yakuda ndi yoyera. Chizindikiro chake ndi mbalame yotchedwa magpie. Ine nditaiona ndinati ameneyu ndi khwangwala basi, musandinamize.

Kuti tiyendere limodzi ndikufotokozereni pang'ono. Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, mpiranso ndi wooneka ngati dzira. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 18 m'bwalo. Kumapeto kuli mitengo inayi. Ukamenya mpira ndi mwendo n'kudutsa pakati pa iwiri yaitali, ndi chigoli, mapointi 6. Ukadutsa cham'mbali, pointi imodzi. Goloboyi palibe, ofusayidi palibe. Chomwe chinandikoka ine ndi ichi: munthu akamenya mpira m'mwamba mtunda wosachepera mamita 15, iwe n'kuuwakha usanagwe pansi, woimbira amakupatsa mpata woumenya popanda wokukhudza. Ndiye ntchito ya wotchinga kumbuyo ndi yoonetsetsa kuti munthu wake asawakhe. Nthawi zambiri salimbana n'kuugwira mpirawo, amangoumenya chibakera kuti upite kutali.

Zimenezi sindinavutike kuzimva. Ku sekondale ndinkasewera mpira wa manja ndipo ndinkavala GK. Tsiku lomwe ndasewera bwino kwambiri linali tsiku lomwe palibe chinachitika kumbali yanga, ndipo pobwerera m'lole anthu ankaimbira woponya. Mu 2020 tonse tinavina Mwawi Kumwenda atatenga chikho ndi Melbourne Vixens, kugonjetsa West Coast Fever 66 kwa 64, iye n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino pa fainoloyo. Inenso ndinavina. Koma ndani mwa inu angatchule mtsikana yemwe ankatchinga kumbuyo kwa Vixens tsiku limenelo?

Tsono tifike pa September 2023. Melbourne ili patsogolo pathu ndi maola 8 nyengo imeneyo, ndiye mlongo wanga akaweruka n'kuyamba kukangana ndi anzake usiku, mavoisi ake ankandipeza ine masana ndili pakati pa makasitomala. Ndinkamvera foni ili paphewa, manja akupinda madiresi.

Mkangano unayambira pa John Noble. Ameneyu ndi wotchinga kumbuyo, wocheperako thupi, wothamanga. Chaka chimenecho anasewera magemu onse 23 a mu ligi osajomba. Itafika ndime ya mafainolo, mphunzitsi wawo Craig McRae anamusiya panja. Sanavulale, sanapalamule. Anangoti pa magemu awa tikufuna anthu ena. Kenaka Collingwood inapambana GWS ndi pointi imodzi yokha, 58 kwa 57, n'kulowa mu fainolo yaikulu yokumana ndi Brisbane Lions. Pa gemu imeneyo Dan McStay, wamtali wosewera kutsogolo, anavulala bondo. Malo anatseguka. Anzake ena a mlongo wanga anati basi, Mulungu wamukumbukira Noble, asunthe anthu pang'ono mwanayo abwerere.

McRae anatenga Billy Frampton. Munthu wotalika pafupifupi mamita 2, wongobwera kumene chaka chomwecho kuchokera ku Adelaide, wolowa n'kutuluka m'timu, yemwe mafainolo awiri oyambawo sanasewere n'komwe. Chodabwitsa china, Frampton ankadziwika kwambiri ngati wotchinga kumbuyo, koma anamutumiza kutsogolo. Ntchito yake yeniyeni sinali kumwetsa zigoli ayi. Anamutuma kukaima pa Harris Andrews.

Apa mpamene pali nkhani. Otchinga kumbuyo alipo a mitundu iwiri. Wina amamatirira munthu wake ngati nkhupakupa, komwe wapita iye ali pomwepo. Wina amawerenga mpira uli m'mwamba, amamusiya munthu wake n'kukawakha mpira womwe umapita kwa wina, timu yake n'kuyambira pomwepo kuthamangira kutsogolo. Andrews, mmodzi wa makaputeni a Brisbane, ndi katswiri wa mtundu wachiwiriwu. Ukamamenya mipira m'mwamba iye ali womasuka, zili ngati ukuponya ndalama m'thumba la mnzako. Ndiye McRae anaganiza zomuikira mlonda. Mlonda wolondera mlonda, eti.

Masapota a kumeneko sabata yonse amadya zimenezi. Ndani aime pa Charlie Cameron, wamfupi wothamanga ngati gwape? Ukamuikira chimunthu chachitali amachisiya chikutembenuka. Ndani aime pa Joe Daniher, wamtali wowakha mipira pamwamba pa mitu ya anthu? Ukamuikira wamfupi ndiye wamupatsa mphatso. Kaputeni Darcy Moore amatirire munthu mmodzi kapena amasuke aziwerenga mpira? Kusankha kwake sikuti ndani amatha mpira kuposa mnzake. Amayang'ana kuti mdani wabwera ndi ndani, ndipo thupi liti lingamukwane.

Mlongo wanga anali mbali ya Frampton. Anati, "Achemwali, apa sitikuwerenga kuti watumikira zaka zingati. Tikufuna woti aimitse Andrews, basi."

Sindinamuyankhe tsiku limenelo. Ndinazimitsa foni n'kuiponya m'chikwama cha ndalama, chifukwa miyezi itatu m'mbuyomo munthu yemweyu anandikalipira pa nkhani yofanana ndendende.

Pa benchi yanga ndinali ndi mayi wina wondithandiza, wamkulu pang'ono kwa ine. Zaka zitatu sanajombepo, mvula kaya dzuwa. Pakamwa pake panali pokoma: munthu wobwera kudzangofunsa mtengo ankachoka ndi siketi ziwiri. Koma amene munagulitsapo kaunjika mukudziwa tsiku lotsegula belo momwe limakhalira. Ukangodula mawaya anthu amagwera pamulu ngati nkhuku pa madeya, manja makumi awiri nthawi imodzi, ndipo zovala zabwino zenizeni, zomwe zimabweza mpamba, ndi zomwe zimasowa. Panali amayi awiri omwe msika wonse unkawadziwa, obwera ndi zitenje zomanga motayirira. Wina amakuchedwetsa ndi kunenerera mtengo, mnzake akulowetsa. Mayi wangayo maso ake ankakhala pa kasitomala, ndiye mwa iye munalibe mlonda. Belo ndikaliwerengera linkabwera lopelewera, sabata ndi sabata.

Ndalama yolipira anthu awiri ndinalibe. Mu June ndinawauza mayiwo kuti apume kaye, ndinatenga mwana wa msuweni wanga. Mnyamata wamtali, wosayankhula, woti kugulitsa sadziwa ngakhale pang'ono. Kasitomala akamufunsa mtengo amayang'ana ine. Ntchito yake ndi kuima kumbuyo kwa mulu n'kumayang'ana manja a anthu. Amayi awiri aja akafika, iye amasuntha n'kukaima pambali pawo, osanena kanthu, mpaka atatopa n'kuchoka.

Mlongo wanga anaikapo ndalama zake pa mpamba wanga, ndiye mwezi ukatha ndimamujambulira kabuku. Ataona anati, "Achemwali, mwachotsa munthu wogulitsa n'kuika chipilala? Mnyamatayu mwezi wonse wagulitsa zovala zingati?" Ndinamuuza kuti zinayi. Anaseka kuseka kopweteka. Ndinayesa kufotokoza koma ndinalibe choloza. M'kabuku mwanga muli mzere wa zomwe ndagula, mzere wa zomwe ndagulitsa, mzere wa ngongole. Mzere wa zovala zomwe sizinabedwe mulibe.

Fainolo inali Loweruka pa 30 September, pa bwalo la MCG, anthu 100,024. Kumeneko inayamba 2:30 masana, kuno inali 6:30 m'mawa, nthawi yomwe ine ndimakhala ndikukangana ndi wakabaza pa mtengo wonyamulira belo. Sindinaionere, bandulo yake ndikanaitenga kuti? Ndinkangolandira mauthenga. M'gawo loyamba lomwe Nathan Murphy, mmodzi wa otchinga kumbuyo a Collingwood, anagundidwa m'mutu n'kutuluka osabwereranso. Mlongo wanga akuti pomwe ankaonera anthu anayamba kukuwa kuti Frampton abwerere kumbuyo akatseke dzenjelo, ena n'kumati mwaona, Noble akanakhalapo. McRae anamusiya Frampton pa Andrews pomwepo.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditadula mawaya. Foni inkanjenjemera m'chikwama, ine manja ali m'mulu, mnyamata wanga ali chiimire kumbuyo ngati mtengo wa magetsi. Nditapeza mpata woyang'ana, gemu inali itatha. Collingwood 90, Brisbane 86. Chikho chawo cha nambala 16. Mendulo ya wosewera bwino inapita kwa Bobby Hill yemwe anamwetsa zigoli zinayi. Za woponya zija.

Frampton gemu yonse anapatsira mpira kawiri kokha. Kawiri! Pa masewero omwe ena amaugwira ka 20 kapena ka 30. Ndipo mkangano sunathe ndi wezulo yomaliza. Ena mpaka lero amati ndi munthu wamwayi yemwe anavala mendulo atangopita kukaima. Ena amati Andrews sanalamulire m'mwamba monga amachitira masiku onse, makamaka gemu isanafike kumapeto, ndipo pa kusiyana kwa mapointi 4, osakwana n'chigoli chimodzi chomwe, mpira umodzi wokha womwe Andrews sanawakhe ukhoza kukhala womwe unabweretsa chikho. Onsewo palibe angatsimikize. Mpira womwe sunawakhidwe suoneka pa vidiyo.

Madzulo ake mlongo wanga anaimba, mawu atasasa ndi kukuwa. Ndinamulola asangalale kaye, kenaka ndinamufunsa kuti, "Iwe, chipilala chako chija chagulitsa zovala zingati lero?" Anakhala chete, kenaka anaseka, n'kuti, "Achemwali, mwandigwira. Mnyamata uja musamuchotse."

Mwina mukuganiza kuti ndinagona mokondwa. Ayi ndithu. Chifukwa usiku womwewo ananditumiziranso chithunzi cha John Noble ali m'bwalo pakati pa anzake osangalala, iye wosavala yunifolomu. Ku AFL mendulo ya chikho inkapatsidwa kwa okhawo omwe asewera tsiku la fainolo. Munthu wa magemu 23 anabwerera kunyumba khosi lili lopanda kanthu, wa kawiri uja atavala. Ndinachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, ndipo yemwe ndinkamuona sanali mzungu wa ku Australia.

China chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti McRae anamuyeretsa ndi mapointi 4 aja. Brisbane ikanamwetsa chigoli chimodzi chowonjezera, Frampton yemweyo, atasewera chimodzimodzi, akanakhala chitsanzo cha kusankha kopusa, ndipo dzina la Noble likanakhala pakamwa pa aliyense. Ine kumsika kulibe wezulo yomaliza yoti indiuze kuti ndinakhoza. Belo linasiya kupelewera, zoona. Koma makasitomala ena omwe ankabwera chifukwa cha pakamwa pa mayi aja anasiyanso kubwera. Ndikaphatikiza ndi kuchotsera, mwezi wina zimaoneka ngati ndinapindula, mwezi wina ngati ndinangosinthanitsa dzenje ndi dzenje. Ndinkadziuza kuti zinthu zikayenda ndidzawaitananso tikhale atatu. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa belo unakwera, maganizo amenewo anathera pomwepo.

Nditamufunsa mlongo wanga ngati Noble samumvera chisoni, anati, "Ndi mpira, achemwali, amadziwa momwe zimakhalira." Mwina kumeneko amadziwadi. Noble anasewerabe ku Collingwood chaka chotsatira, kenaka kumapeto kwa 2024 anapita ku Gold Coast. Murphy uja sanasewerenso, madokotala anamuuza asiye mpira chifukwa cha kugundidwa m'mutu kawirikawiri, ali ndi zaka 24. Andrews ndi Brisbane yake anabwerera mu fainolo mu 2024 n'kukwapula Sydney ndi mapointi 60. Aliyense moyo unamutengera kwake.

Mayi aja pano amagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi geti la msika. M'mawa uliwonse ndimadutsa pomwepo, timapatsana moni bwinobwino, amafunsa za ana, ine ndimafunsa za mwendo wawo womwe umawavuta. Za June uja sitinakambepo.

Loweruka lapitali anabwera pa benchi yanga nthawi yotsegula belo, koyamba chichokereni. Analowetsa manja m'mulu ngati wina aliyense, ndipo anatulutsa bulauzi yabwino kuposa zonse, chifukwa diso la kaunjika akadali nalo. Nditadzutsa mutu ndinaona mnyamata wanga wasuntha, waima pambali pawo, maso ali pa manja awo. Sankawadziwa. Ndinati, "Iwe, choka apo, awa ndi amayi athu." Anati, "Pepani anti," n'kubwerera kumbuyo kwa mulu.

Mayiwo anamva zonse koma sanatembenuke. Anafunsa mtengo. Ndinawauza kuti angopereka theka. Anamasula mfundo ya chitenje, anawerenga ndalama yonse yathunthu, anaiika pa benchi, n'kupinda bulauziyo okha mwa kapindidwe komwe anandiphunzitsa ine.