Masiku amene foni sinkafa

Pafupi ndi chigayo china pa Chinamwali, ku Zomba, panali kakiyosiki kamatabwa kokhala ndi foni imodzi yachingwe ndi wotchi yowerengera mphindi. Anthu ankangoti pa bureau. Mlembi wa nkhani ino atadutsapo posachedwa adapeza kuti kakiyosiki kaja kulibenso, ndipo palibe amene akukumbukira chaka chimene kadaphwasulidwa. Pamalopo pakhala mtsikana wa Mpamba ndi Airtel Money pansi pa ambulera, pambali pake pali tebulo la mnyamata wokonza mafoni. Kunsi kwa tebulolo kuli katoni yodzaza ndi mafoni akufa, ena osweka galasi, ena otupa batire, ena ongokana kuyaka basi.

Katoniyo idamukumbutsa funso la mwana wa mlongo wake, kamtsikana ka ku pulayimale ku Melbourne, m'dziko la Australia. "Amalume, kwanuko mafoni akafa mumapita nawo kuti? Ife tikutolera kusukulu kuti tipulumutse anyani a ku Congo."

Mwanayo sankanama. Mu 2008 bungwe la Zoos Victoria, lomwe limayendetsa malo osungirako nyama a Melbourne Zoo, lidayambitsa ntchito yotchedwa They're Calling on You, ndipo Jane Goodall, mayi wodziwika uja amene adathera zaka zambiri akuphunzira anyani ku Gombe ku Tanzania, adathandizira kuikhazikitsa. Sukulu zimaika bokosi pakhomo, ana amakafwanthula madilowa a makolo awo, mafoni abwinoko amakonzedwa n'kugulitsidwanso, otheratu amaphwanyidwa kuti achotsemo zitsulo. Zina mwa ndalama zake zidathandizapo madokotala a nyama a Gorilla Doctors. Akatswiri a ku University of South Australia atawerenga adapeza kuti kuyambira 2009 mpaka 2014 anthu adapereka mafoni 115,369.

Nanga foni ndi nyani zakumana pati? Zakumana pa mwala wotchedwa coltan, womwe umatulutsa chitsulo cha tantalum chimene chimagwira ntchito m'tizipangizo tosunga mphamvu yamagetsi m'kati mwa foni. Mwalawu umakumbidwa kwambiri kummawa kwa Congo, ndipo mtengo wake utakwera modzidzimutsa m'chaka cha 2000, okumba adakhamukira ngakhale m'nkhalango yotetezedwa ya Kahuzi-Biega. Kumene kwafika msasa wa okumba, mitengo imagwa ndipo nyama zam'tchire zimasanduka ndiwo. Pofika 2016 anyani akuluakulu a kumeneko, otchedwa Grauer's gorilla, adalembedwa m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu.

A ku Japan nawo adachita zawo: mendulo pafupifupi 5,000 za masewera a Olympics ndi Paralympics a Tokyo 2020 zidasulidwa kuchokera ku zipangizo zakutha, kuphatikizapo mafoni oposa 6 miliyoni, zomwe zidatulutsa makilogalamu 32 a golide. Mabokosi otolerera adafika mpaka m'sukulu.

Zonsezi n'zabwino, koma mlembiyu akamamva amamwetulira chamumtima, chifukwa iye adakula nthawi imene mwana sankafunika mphunzitsi woti amuuze kuti chinthu chakutha chili ndi ntchito ina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, batire la wailesi likafooka linkayanikidwa padzuwa kuti lilankhulitse wailesiyo usiku wina. Likatheratu, anyamata a sitandade 5 ankapita nalo kusukulu Lachisanu, n'kuliswa ndi mwala, kutenga zakuda zam'katimo, kusinja pamodzi ndi masamba a mbatata, n'kupaka pabolodi. Lolemba bolodi linkakhala lakuda bii, choko n'kumaoneka bwino ngakhale kwa okhala kumbuyo. Chitini cha polishi chinkasanduka tayala la galimoto yamawaya, majumbo ndi mphira zinkasanduka mpira wachikulunga, chitini cha mkaka chinkasanduka koloboyi, tayala lakutha linkavalidwa kuphazi. Padzala panali phulusa ndi makoko a chinangwa, osati chuma.

Foni yam'manja idafika pakati pa anthu oterowo, ndiye idasamalidwa moteromo. TNM idayamba mu 1995, Celtel n'kubwera mu 1999, koma kwa mwana wa pa Chinamwali mafoni adayamba kuoneka ndithu cha m'ma 2002, atapachikidwa palamba wa ahedi, wa abusa ndi wa bambo wina wa golosale. Nambala ikayamba ndi 08 kapena 09, mwini wake ankapatsidwa mpando pamaliro.

Zaka zimenezo, kufika cha m'ma 2008, ndizo zimamukomera mlembiyu kuposa zina zonse. Mfumu inali Nokia 3310, yomwe idatuluka m'chaka cha 2000, yolemera m'dzanja, yoti ikagwa pasimenti inkamwazika patatu, mwini wake n'kuitola, kuilumikiza, kuyatsa, n'kupitiriza nkhani pomwe adalekezera. Kenako mu 2003 kudabwera Nokia 1100 yatochi, imene idaunikira anthu ambiri njira yopita kuchimbudzi usiku. Padziko lonse idagulidwa yoposa 250 miliyoni. Batire linkakhala masiku. Likatha, foni inkapita kwa ometa tsitsi kukatchajidwa pa batire la galimoto, itamatidwa kapepala ka dzina. Mayunitsi ankawerengedwa m'madola, choncho kuimba kunali kwa olemera. Ena onse ankangoflasha. Kamodzi kankatanthauza kuti ndafika bwino, kawiri kuti imbani pali nkhani, ndipo okondana ankaflashana usiku wonse osawononga ngakhale tambala.

Foni imodzi inkatumikira mudzi. Amalume ake a mlembiyu akabwera kuchokera ku Blantyre, pakhonde pankadzaza anthu ogwira timapepala ta manambala a ana awo a ku Joni. Kumudzi kwa agogo netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, ndipo chulucho chidasalala ndi mapazi. Uthenga wa maliro umene kale unkadikira wailesi ya MBC kapena telegalamu ya ku positi ofesi tsopano unkafika mtembo usanasambitsidwe. Ana, akabwerekedwa foniyo kwa mphindi zochepa, ankasewera Snake atazungulirana mitu pamodzi, wina akusindikiza mabatani, enawo akukuwa malangizo.

Ndipo foni imeneyo sinkafa. Bambo akagula ina, yakaleyo inkapita kwa mayi, kuchoka apo kwa mwana woyamba, kenako kumudzi kwa agogo, itamangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Manambala akafufutika pamabatani, chala chinkadziwa chokha pamene pali 5. Chikopa chakunja chinkagulidwa pamsika, lero chabuluu, mawa chofiira. Ngakhale timafoni totchipa tija anthu adatitcha Mose wa Lero, timene tidafikitsa foni m'manja mwa ogulitsa tomato ndi a kabaza, tinkayenda ulendo womwewo wochoka dzanja ili kupita dzanja lina.

Zalero n'zina. Batire lidamatiridwa m'kati kuti munthu asalichotse, galasi limasweka likangogunda mwendo wa mpando, ndipo kulisintha nthawi zina kumadya ndalama zoyandikira mtengo wa foni yatsopano. Ina imakhala yamoyo ndithu, koma WhatsApp yaikana, basi yalowa m'dilowa. Bungwe la WEEE Forum lidayerekeza kuti mu 2022 mokha mafoni 5.3 biliyoni adzasiya kugwiritsidwa ntchito padziko lonse, pomwe lipoti la mabungwe a United Nations likuti mwa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi za chaka chimenecho, zimene zidatoleredwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo sizidafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi.

Mlembiyu amayesetsa kukhala wachilungamo. Amavomera kuti kusamala kwa masiku aja kunkachokera ku kusowa, kuti zakuda za m'batire sizinali zoti mwana azigwira ndi manja kenako n'kukadya chigumu osasamba, komanso kuti foni yalero ndiyo imatumiza ndalama za feteleza kumudzi ndi kuonetsa agogo nkhope ya mdzukulu wa ku Melbourne. Amavomeranso kuti 3310 yake yokondedwa ija idabadwa chaka chomwecho chimene okumba coltan ankalowa m'nkhalango ya Kahuzi-Biega. Koma akamaliza kuvomera zonsezo amawonjezera kuti foni yogwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu m'manja mwa anthu anayi inkateteza nkhalango kuposa bokosi la pasukulu, ndipo pamenepo satsutsika msanga.

Komabe ana otolera mafoniwo akuona mbali imene anyamata a bolodi lakuda aja sankaiona. Foni siingasanduke koloboyi. Wokonza mafoni amachotsamo sipika, galasi ndi potchajira, koma kabolodi kobiriwira kam'kati, komwe kuli golide, siliva, mkuwa ndi tantalum, kamafuna ng'anjo za m'fakitale. Kakapanda kufika kumeneko kamathera padzala, ndipo batire la lithium likapsa ndi zinyalala limaphulika n'kutulutsa utsi woipa.

Chitsulo chimene ana a ku Melbourne akufuna kuti chizikumbidwa mochepa chilinso kuno kwathu. Pa Kanyika, m'boma la Mzimba, pansi pali niobium ndi tantalum, ndipo mu 2021 boma lidapereka chilolezo chokumba kwa kampani ya Globe Metals & Mining, yomwe masheya ake amagulitsidwa pamsika wa ku Australia komweko.