Shuga wa jakisoni akalowa m'nyumba

Ana anga, pa zaka zoposa 30 zomwe ndidagwira ntchito ya unamwino ndidauzapo anthu ambiri uthenga wowawa, koma wa shuga wofuna jakisoni tsiku ndi tsiku umabaya mwamtundu wina. Munthu ukamuuza za malungo amafunsa kuti amwa mankhwala masiku angati. Wa shuga uyu amafunsanso chimodzimodzi, koma yankho lake n'loti moyo wonse. Akangomva zimenezo makutu amatseka, zina zonse zomwe dokotala akunena sazimvanso.

Miyezi ingapo yapitayo uthengawu udafika pakhomo panga. Mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 9 adayamba kumwa madzi mosalekeza, kukodza pafupipafupi mpaka pogona, komanso kuwonda chonsecho nsima akudya bwinobwino. Kuchipatala adamupeza ndi shuga wa mtundu woyamba. Bambo ake, yemwe ndi mwana wanga, adangoti kukamwa yasa. Mayi ake adachezera kulira.

Sabata isanathe, m'nyumba mudalowa kulozana zala. Mwamuna akuti mkazi adazoloweza mwana maswiti. Mkazi akuti matendawa ngakuchimuna. Achibale ena nawo adayamba kunong'ona zoti pali dzanja la munthu.

Ndidawakhazika pansi awiriwo n'kuwauza zomwe ndikukuuzani leromu. Shuga wa mtundu woyamba amabwera pamene chitetezo cha m'thupi chasokonezeka n'kuwononga tizigawo ta kapamba tomwe timapanga insulin. Insulin ndiye amalowetsa shuga wochokera m'chakudya m'minofu kuti munthu apeze mphamvu. Akasowa, shugayo amangodzadza m'magazi. Maswiti sayambitsa matendawa, anthu sapatsirana, ndipo palibe chomwe kholo likadachita kuti awalambalale. Ndiye mlandu mukuzengerana uja ulibe mwini.

Kulira ayi lirani, simudapangidwe ndi mwala. Mantha, mkwiyo, ngakhale kukana kuti mwina makina adalakwitsa, zonsezi zimabwera kwa aliyense. Koma kumbukirani kuti mwana amawerenga nkhope zanu. Mdzukulu wanga ataona mayi ake akugwetsa misozi pomubaya, adandifunsa kuti, "Agogo, kodi ndifa?" Ndidamuuza zoona: "Ayi mwanawe, thupi lako lasiya kupanga chinthu china, ndiye tizikupatsa ndi jakisoni." Mwana safuna bodza loti mawa usiya. Akadzazindikira kuti mudamunamiza, sadzakukhulupiriraninso.

Mantha amachepa manja akaphunzira ntchito. Bambo wa mwanayu ankanjenjemera akaona singano, ndiye tidayamba kuyeserera pa lalanje mpaka adazolowera. Makolo nonse awiri phunzirani kubaya ndi kuyeza, musamusiyire mayi yekha, naye ndi munthu amatopa, amadwala, amapita kumaliro. Mwana mulekeni azisankha yekha kuti lero pamimba kapena pantchafu, chifukwa malo obaya amayeneranso kumasinthidwa.

Dziwaninso zizindikiro zoti shuga watsika kwambiri: kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi ndi kubalalika. Mukayeza n'kupeza kuti watsika kupitirira 4 mmol/L, sungunulani masupuni ang'ono atatu a shuga m'madzi amwe, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani kuchipatala. Aphunzitsi ake auzeni zimenezi, ndipo m'chikwama mwake musamasowe shuga kapena maswiti. Wopanda firiji asade nkhawa, botolo la insulin limasungika mumtsuko wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi.

Pali msampha wina womwe ndidauona kangapo m'mawodi. Patatha milungu kapena miyezi chiyambireni jakisoni, kapamba amatha kudzidzimuka pang'ono, mlingo wa insulin n'kutsika. Apa ena amati mwana wachira ndi mapemphero kapena zitsamba, n'kutaya mankhwala. Chonde ana anga, pempherani ndithu, koma jakisoni asalekezedwe. Nyengoyi imatha, ndipo wosiya insulin amayamba kusanza, kupuma mwabefu, n'kukomoka m'masiku ochepa. Ngakhale atadwala malungo n'kumakana kudya, musasiye kumubaya panokha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtima ukafooka ndimakumbukira kuti kale matendawa adali chilango cha imfa. Insulin adamutulukira mu 1921 mumzinda wa Toronto ku Canada, pa ntchito ya Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mu 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, adakhala woyamba kubayidwa n'kupulumuka. N'chifukwa chake pa 14 November, tsiku lobadwa Banting, dziko lonse limakumbukira matenda a shuga. Inu okonda mpira mukumudziwa Nacho Fernández. Adamupeza ndi shuga yemweyu ali ndi zaka 12, koma mu 2024 ndiye adali kaputeni wa Real Madrid ponyamula chikho cha Champions League. Mdzukulu wanga atamva zimenezi adabwereranso ku netibolo.

Kwa inu amene wapezeka nawo ndi mwamuna kapena mkazi wanu, musasanduke apolisi owerenga mbamu iliyonse. Phikani chakudya chimodzi cha banja lonse, mgaiwa woyeza bwino, ndiwo zamasamba zambiri, ndipo muzidya pa nthawi yake. Mphika wapadera umamupangitsa mnzanu kudziona ngati mlendo m'nyumba mwake. Mayi wa shuga atha kubereka bwinobwino, chachikulu akambirane ndi adokotala asanatenge pakati kuti shugayo akhale atakhazikika. Pa makina tsiku lina padzaoneka nambala yokwera ngakhale mwatsata zonse. Imeneyo ikungokuuzani chochita, musakanganirane.

Koma mukaona kuti padutsa sabata ziwiri wodwala kapena womusamalira sakugona, sakufuna kucheza, kapena akuyankhula zofuna kufa, kauzeni achipatala, chifukwa matenda a nkhawa nawo ali ndi chithandizo. Funsani tsiku la kiliniki ya shuga pachipatala chanu, ndipo kumeneko mufunsenso za bungwe la Diabetes Association of Malawi kuti mukumane ndi anzanu omwe adayamba kale ulendowu. Paja mutu umodzi susenza denga. Kholo lomwe labaya mwana wake zaka zisanu lidzakuuzani zinthu zomwe ife anamwino sitidaphunzire kukoleji.