Kalata yopita kwa a pulofesa

Mwana wanga wamkazi ali mu Giredi 12 kuno ku Kraaifontein. Aphunzitsi atawauza kuti aliyense afufuze nkhani ya nthawi ya atsamunda, anabwera kunyumba ali ndwii. “Ababa, anzanga akulemba za agogo awo. Nanga ife alendo tilemba za ndani?”

Ndinamuuza za Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia, n'kufika ku Cape Town mu 1918, n'kuyambitsa bungwe la antchito la ICU mu 1919. Zomwe ndinkadziwa zinathera pomwepo, koma aphunzitsi ankafuna umboni.

Tinaganiza zolembera imelo pulofesa wina wa payunivesite. Ndinaifufuta katatu. Ine wosamalira maluwa m'mayadi a anthu, ndiwavutitsirenji anthu a mabuku? Koma safunsa anadya phula, choncho tinatumiza.

Patatha masabata awiri anayankha. Anatchula buku la Kadalie mwini, My Life and the ICU, natilangiza kupita kosungira zolemba zakale ku Roeland Street kukafufuza za sitiraka ya padoko ya mu Disembala 1919. Anachenjezanso mwanayo kuti bukulo aliwerenge mosamala, poti munthu akamalemba za iye mwini sadzinyoza.

Ndinapempha tsiku kuntchito, malipiro a tsikulo n'kupita. Mwanayo anawerenga mpaka nthawi yotseka, ine nditakhala pambali. Tili m'takisi pobwerera ndinasuzumira m'kope lake. Pansi pa dzina la Kadalie anali atalemba ndi pensulo kuti: wakwathu.